Ufa wa a mpingo nthawi ya Freddy: maganizo a munthu amene anaudya

Anthu akamayamikira kapena kunyoza mabungwe achikhristu othandiza pa ngozi, kawirikawiri amakhala oti sanaimepo pa mzere ndi khadi m'manja. Ine ndinaimapo. Ndinakhala milungu isanu pa msasa wa pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Phalombe, ndili ndi ana atatu ndi apongozi anga, namondwe wa Freddy atatigumulira nyumba mu Malichi 2023. Bungwe limene linkatithandiza kwambiri linali la mpingo wina. Dzina lake sinditchula, chifukwa ndili ndi zabwino zonena komanso zodandaula.

Mvula inagwa masiku angapo osakata. Usiku umene madzi anatsika m'phiri ndi miyala, apongozi anga anangoti, "Napolo wabweranso, nyamulani ana." Iwo anaona wa 1991, ndiye phokoso lija analizindikira ife tisanadzuke n'komwe. Pa 13 Malichi a Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo chakummwera chagweredwa tsoka, koma ife nkhaniyo tinaimva mochedwa, poti mafoni anali atazima ndipo misewu inali itaduka.

Apa ndi pamene ndimawavulira chipewa anthu a mpingo aja. Galimoto isanathe kufika, anabwera wapansi, anyamata a kwaya atasenza matumba a ufa pamutu, matope mpaka m'mawondo. Abusa awo anavala magambuti osiyana mitundu, lina lakuda lina lobiriwira. Sanali ndi zambiri tsiku limenelo, ufa wophikira phala la ana ndi mchere basi, koma tinali titagona ndi njala kawiri. Mphamvu ya mipingo ndi yomweyo: imakhala ili kale m'mudzi, sidikira kalata yochokera ku Lilongwe kuti idziwe njira yachidule yodutsa kuseri kwa mtsinje.

Chachiwiri, ndipo ichi ndinkachikayikira poyamba, sanafunse kuti mumapemphera kuti. M'kalasi imene tinkagona munali Akatolika, a CCAP, a Sabata ndi mabanja awiri Achisilamu. Tonse tinalandira mofanana. Mayi wina Wachisilamu anakhala kumbuyo tsiku loyamba poganiza kuti si zake, ndipo mtsikana wolemba maina anachita kukamugwira dzanja.

Msewu utatseguka ndiye kunabwera katundu weniweni: thumba la ufa, nyemba, mafuta ophikira, soya, bulangete, chidebe cha mpopi ndi mankhwala othira m'madzi. Chidebecho musachione kuchepa. Nthawi imeneyo kolera inali itavuta kale dziko lonse kuyambira 2022 ndipo inapha anthu oposa 1,700. Ife tinali mazanamazana pa zimbudzi zimene anakumbira ana asukulu. Mayi wina wa bungwelo ankazungulira m'mawa uliwonse kununkhiza zidebe kuti amve ngati tathira mankhwala. Tinkamuseka, tinamupatsa ndi dzina lomwe, koma pa msasa wathu sitinaike maliro a kolera.

Nyemba zokha ndiye sanaziganizire bwino. Nyemba zouma zimadya nkhuni, ndipo nkhuni zonse zinali zonyowa. Tinkaphatikiza miphika mabanja atatu, utsi uli kobo m'khonde, ana akulira mpaka madzulo. Soya ankapsa msanga, n'chifukwa chake ankatha tsiku lachitatu. Za kaunjika ndingonena pang'ono: ine ndinapeza nsapato ya gogoda ndi jekete la suti. Chimene azimayi tinkasowa ndi zitenje, sopo ndi mapadi, ndipo zinafika sabata yachitatu titachita kunong'oneza amayi busa.

Koma dandaulo langa lalikulu ndi kalembera. Maina anawatenga kudzera kwa mfumu ndi komiti ya msasa, ndipo ankawerenga khomo, osati mitu. Mnyamata wosakwatira amene ankagona m'gowelo analembedwa ngati banja, n'kulandira thumba lofanana ndi langa la anthu asanu. Apongozi anga anali ndi nyumba yawoyawo imene inagwanso, koma poti anawapeza atakhala pamphasa yanga, anawaphatikiza kwa ine. Ndinapita kwa mlembi kukafotokoza.

"Mayi, mndandanda tinatseka kale," anatero asakundiyang'ana.

"Nanga agogowa adye chiyani, achimwene?"

"Mukaonane ndi amfumu."

Amfumu anandibweza kwa komiti, komiti inandibweza kwa mlembi. Pa mndandanda womwewo panali maina a anthu amene nyumba zawo zinali chiimire, ankabwera tsiku logawa lokha, atavala bwinobwino, n'kubwerera ndi thumba pa njinga. A bungwe sanabe kanthu, zimenezo sindingawanamizire. Cholakwa chawo chinali kukhulupirira pepala osazungulira okha m'makalasi usiku kuona amene akugonamo. Bokosi la madandaulo analibweretsa ndithu, koma analiika patebulo la komiti yomweyo. Ndani angaponyemo kalata komiti imene akuidandaulayo ikuyang'ana?

Za mapemphero anthu amandifunsa kawirikawiri. Inde, ankayamba ndi pemphero asanagawe, ndipo ine zinandilimbitsa mtima, makamaka tsiku limene abusa anakhala pansi ndi bambo wina amene mwana wake sanapezeke, osalalikira, kungokhala naye mpaka dzuwa kulowa. Koma tsiku lina kunabwera alendo a mumzinda ndi makamera. Ulaliki unatenga ola lathunthu tili padzuwa, kenako anatiuza kuti tinyamule matumba m'mwamba ndi kumwetulira kutsogolo kwa nsalu yolembedwa dzina la bungwe. Ndikumvetsa kuti opereka ndalama amafuna umboni. Komabe mwana wanga wamkulu, wa Sitandade 8, anabisala kuseri kwa thanki kuopa kuti anzake amuona pa Facebook.

Sukulu zitayandikira kutsegulidwa, tinauzidwa kuti tichoke m'makalasi. Bungwe linatipatsa pepala lapulasitiki lofolerera ndi thumba lomaliza la ufa, n'kutsanzika ndi nyimbo. Apa ndi pamene ndinaona kuti thandizo lawo analikonzera njala ya sabata, osati ya chaka. Chimanga chinali chitatsala pang'ono kukhwima pamene madzi anachikokolola, munda wanga unasanduka mchenga ndi miyala. Chimene chikanandidzutsa ndi mbewu ya kudimba, khasu ndi mbewu ya mbatata, Epulo asanathe chinyontho chikadalipo. Ndinamva kuti midzi ina mabungwe anapereka ndalama kudzera pa foni, munthu n'kugula chimene akusowa. Kwathu sizinafike, ndipo pofika Ogasiti ndinali pa ganyu wosenza mchenga.

Mutandifunsa kuti pa 10 ndiwapatsa zingati, ndinganene 7. Zitatuzo ndachotsera kalembera ndi kuchoka msanga. Amene mumasonkha kutchalitchi mukamva kuti kwagwa ngozi, sonkhani ndithu, ufa wanu ndinaudya ine. Kungoti muziwafunsa atsogoleri anu kuti maina akulemba ndani, ndipo mwezi wachitatu adzabwereranso ndi chiyani.

Chidebe chija ndikadali nacho. Mpopi wake unathyoka chaka chatha, ndinatsekapo ndi chitsononkho, pano apongozi amasungiramo nandolo.