Ndemanga: kosi ya pa intaneti yokonzekera mayeso olowera ntchito za boma

Kosiyi ndaigwiritsa ntchito kuyambira pomwe ndinatumiza kalata yofunsira ntchito mpaka tsiku lolemba mayeso. Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo kunena zoona nyenyezi zonsezo ndi za mayeso oyeserera. Mavidiyo, manotsi ndi gulu lokambirana ndi zongodzazira malo.

Amene simunalembepo mayeso amtunduwu, dziwani kuti ndi osiyana ndi a kusukulu. Kusukulu ukafika pa malikisi okhozera wakhoza basi. Kuno malo ndi ochepa, ofunsira ndi khwimbi, ndiye amakusanjani pamndandanda n'kutenga apamwamba okha. Munthu atha kulemba bwino ndithu koma osaitanidwa, chifukwa anzake amuposa ndi funso limodzi kapena awiri. Mafunso akenso ambiri si ovuta kwenikweni. Chimene chimagwetsa anthu ndi nthawi.

Eni kosiyi mfundo imeneyi anaimvetsa. Ukayamba mayeso oyeserera wotchi imayamba kuyenda, ndipo palibe zoiimitsa kuti ukaone kaye amene akugogoda pakhomo. Nthawi ikatha pepala limatsekeka lokha. Kenako amakuonetsa funso lililonse, nthawi imene unathera pamenepo, yankho lako, yankho lolondola, komanso chifukwa chimene yankho lolakwika lija limakopera anthu. Funso lina linali lotere: bajeti ya dipatimenti yakwera ndi 20 peresenti, chaka chotsatira yatsika ndi 20 peresenti, ndiye yafika pati? Mtima umathamangira kunena kuti yabwerera pomwe inali. Iwo amati yamba ndi 100. Yakwera kufika 120. Tsono 20 peresenti ya 120 ndi 24, ukachotsa patsala 96, kutanthauza kuti yatsika ndi 4 peresenti. Pansi pake analembapo kuti funso la maperesenti likabwera lopanda nambala yoyambira, ingoikapo 100. Timalangizo totere tilipo tambiri, ndipo tsiku la mayeso ndinamaliza gawo la masamu nthawi isanathe.

Gawo lowerenga ndime nalonso ndi labwino. Amakupatsa ndime, n'kukufunsa ngati chiganizo china chili choona, chabodza, kapena ndimeyo sinanenepo kanthu. Msampha wake ndi woti umayankha ndi zimene ukudziwa kale m'mutu mwako, pomwe wochonga akufuna zimene zalembedwa m'ndimemo zokha. Ukakodwa kangapo umayamba kuloza chala pa mzere umene yankho lachokera.

Palinso batani loyatsa kapena kuzimitsa lamulo lochotsa malikisi ukalakwa. Mayeso ena amachotsa, ena sachotsa, ndiye werengani bwino malangizo a mayeso anu musanazolowere kulotera. Pomwe sachotsa, kusiya funso lopanda yankho n'kutaya mwayi.

Tsono zodandaula.

Mafunso oyesa nzeru zapantchito anawalemba mothamanga. Amakuuza kuti bwana wako wakulamula kuti fayilo ya m'bale wake uidumphitse pamzere, ungatani? Mayankho anayi ali apo, awiri akuoneka anzeru onse, koma pofotokoza amangoti "yankho labwino ndi B" n'kupita kwina. Chifukwa chiyani kuli bwino kuyamba wakambirana ndi bwanayo usanakanene kwa akuluakulu? Kapena ndi liti pomwe uyenera kukanena nthawi yomweyo? Palibe chimene amanenapo. Anthu omwewa, omwe pa masamu amafotokoza mpaka kutopetsa!

Manotsi a nkhani zochitika m'dziko ndi akalekale. Ndinapezamo mayina a akuluakulu amene anachoka pamaudindo awo kale. Musawadalire. Muziwerenga nyuzi nokha tsiku ndi tsiku, ndipo pezani malamulo oyendetsera dziko lanu muwerenge makamaka zigawo zonena za nthambi zitatu za boma ndi za ufulu wa anthu.

Amalonjezanso kuchonga chimangirizo. Changa chinabwera mochedwa, ndemanga yake mizere iwiri: "Mwayesetsa. Konzani kasanjidwe ka mfundo." Mfundo ziti, pandime iti, sananene. Nditafunsa pagulu lokambirana ndinapeza kuti anzanga ena analandira mawu omwewo osasintha ngakhale chilembo.

Mavidiyo ndi ataliatali, mphunzitsi amangowerenga zimene zili pa sikirini, ndipo amadya data kwambiri. Ubwino wake atha kutsitsidwa n'kumaonera wopanda intaneti, koma ine ndinawasiya panjira.

Ngati masamu munawasiya kalekale, kapena mumadziwa zinthu koma nthawi imakutherani pepala lili pakati, lembetsani, ndipo sankhani gawo la mayeso oyeserera lokha chifukwa amalola kuligula palokha. Za chimangirizo pezani munthu wodziwa kulemba akuchongereni ndi cholembera. Za intavyu mulibemo chilichonse, ngakhale chithunzi chotsatsira malonda chikuonetsa munthu atakhala pamaso pa ofunsa mafunso.