Grill ya galimoto yakale: yokopera yatsopano, ya pa sikirapu, kapena kukonzetsa yako yomweyo

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi, ati grill ya Benz yako ija (chotchinga cha kumaso kwa galimoto, kutsogolo kwa rediyeta) unaipeza kuti, ndiye ndati bola ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Galimoto yake ndi Mercedes-Benz 240D ya 1982, zija amazitcha W123, inali ya malemu bambo anga ndipo ndimaisamala ngati dzira. Njira zonse zitatu ndazidutsa pa galimoto imodzi yomweyi, ndipo ndineneretu kuti pali imodzi imene mpaka lero mtima wanga sunaphwe nayo.

Chinachitika ndi chakuti munthu wina pobwerera m'mbuyo ndi pikapu anandigunda ndi kachitsulo kokokera ngolo kaja. Sanali pa liwiro ayi, koma chimango cha chrome chinapindika pa kona yakumanja cha m'munsi, pulasitiki yotuwa ya mkati inasweka malo atatu, kamzere kamodzi konyezimira nkuthothoka. Amene muli ndi W123 mukudziwa kuti grill yake imamangidwa ku boneti, ukatsegula boneti imakwera nayo limodzi, ndipo si chinthu chimodzi: pali chimango, pali pulasitiki ija, pali timizere tonyezimira togwidwa ndi timakilipi, pali baji, ndiye pamwamba nyenyezi ya sipuling'i. Zimenezi muzisunge m'mutu chifukwa apa ndi pamene ndinapwetekera.

Ndinayamba ndi yokopera, izi zatsopano zopangidwa ndi makampani ena motengera ya orijino. Pa chithunzi cha ogulitsa inali yathunthu, nyenyezi ili poo pamwamba, timizere tonse tilipo, mtengo wake wotsika kwambiri poyerekeza ndi zina zonse, ndiye sindinaganize kawiri. Katoni itafika ndinapezamo chimango ndi pulasitiki basi. Timizere mulibe, timakilipi mulibe, baji mulibe, ngakhale sikuluu imodzi. Nditawafunsa ogulitsawo anandiyankha kuti chithunzicho ndi chongosonyeza mmene imaonekera ikamangidwa, zinazo zimagulitsidwa pazokha, ndipo chilichonse ndi ndalama yake yotumizira. Pomaliza kuitanitsa tinthu tonseto ndalama inali itakwera pafupifupi kawiri pa imene ndinaona poyamba paja, ndipo ndinadikira masabata ena atatu galimoto ili chiimire yopanda nkhope.

Koma za ndalamazo ndikanapirira. Chimene chinandiwawa ndi tsiku lomanga. Ndinaimika boneti chilili, paja ya W123 imatha kuimirira mowongoka ukamasula timaloko ta m'mahinji, ndinalowetsa sikuluu yoyamba bwinobwino, yachiwiri bwinobwino, kufika mbali yakumanzere mabowo sakukumana. Kusiyana kwake kunali mwina mamilimita 4, kochepa ukamayang'ana ndi maso koma sikuluu singalowe. Ndinamasula zonse, kuyambira kumanzere, tsopano kumanja ndi kumene kwakana. Ndinatenga fayilo nkukuzako mabowo awiri, inalowa, koma nditatseka boneti pamwamba panatsala mpata woti chikhadabo chimalowa mbali imodzi pamene mbali inayo chimango chikukanda penti. Kupindika kwa chimango chawocho sikumatsata kupindika kwa boneti, ndiye kaya umange bwanji sichingagone. Nyenyezi nayo bowo lake linali lalikulu, imangopendekera kumanja ngati yatopa. Ndiye pali kachogwirira kaja kamene kamatulukira pakati pa grill ukakoka chotsegulira cha mkati mwa galimoto, kamene umakoka kuti boneti ikwere, kameneko kanayamba kukodwa pa pulasitiki yatsopanoyo moti tsiku lina ndinaima pa msewu mphindi zambirimbiri ndikulimbana nako injini ikufuna madzi.

Nditawalembera kuti katundu wanu sakukwana, anati popeza mwapala mabowo ndi fayilo ndiye kuti mwaiononga nokha, sitingailandire. Tangoganizani, chinthu chosakwana pa galimoto imene iwo eni analemba kuti chimakwana, ukayesa kuchikwanitsa mlandu ukhala wako. Dzinja limodzi lokha litadutsa madontho a dzimbiri anayamba kutuluka m'makona ndi m'mbali mwa mabowo aja, chrome nkuyamba kutuwa. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndinaziona ndi maso anga.

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa pambuyo pake. Chimene timachitcha chrome kwenikweni ndi zinthu zitatu zosanjikizana: pansi mkuwa, pakati nickel, pamwamba penipeni ndiye chrome, ndipo chrome yeniyeniyo ndi yopyapyala zedi, siikwana ngakhale micron imodzi, kutanthauza gawo limodzi la milimita yogawidwa ka 1,000. Kunyezimira kuja komanso kutchinga dzimbiri ntchito yaikulu imagwira ndi nickel. Wofuna kuchepetsa ndalama popanga amadumpha mkuwa, nickel nkungopaka pang'ono, tsiku loyamba simungasiyanitse koma madzi akangopeza polowera basi zatha. Sindikunena kuti zokopera zonse ndi zotero, alipo amene amapanga zabwino ndipo pa galimoto zina zimene orijino yake inasowa kalekale palibenso kothawira, koma ine ndinalumidwa ndipo sindibwererakonso.

Njira yachiwiri ndi ya pa sikirapu, kapena kugula kwa munthu amene akuphwasula galimoto yake. Ubwino wake ndi umodzi koma ndi waukulu: inapangidwira galimoto yomweyo, mabowo amakumana osalimbana nawo. Kwa W123 sizivuta kwambiri chifukwa anazipanga kuyambira 1976 mpaka 1986 ndipo zinatuluka pafupifupi 2.7 miliyoni, ndiye zophwasulidwa zilipo ndithu. Vuto lake mukugula chinthu cha zaka 40 kapena kuposa, pulasitiki yapsa ndi dzuwa imathyoka ngati chikuni chouma, ndipo ophwasula ambiri sadekha, amangokanula ndi sikuludalaiva timakutu togwirira tija nkuthyoka. Musagule musanaitembenuze. Kumaso aliyense amapukuta, choonadi chili kumbuyo: onani timakutu tonse ngati tilipo, onani dzimbiri m'mphepete, ikani chimango pa tebulo losalala muone ngati sichikugwedera. Ine ndinagula yathunthu koma chimene ndinkafuna ndi pulasitiki ndi timizere tokha, chimango chake chinali ndi timabowo ta dzimbiri.

Chinanso pa zogula zakalezi ndi chaka. Dzina la galimoto likhoza kukhala limodzi koma nkhope inasintha pakati pa njira. Benz ya W114 ndi W115 mu 1973 anaisintha grill kukhala yaifupi komanso yotambalala, Morris Minor mu 1954 inasiya ya timabowo ija nkutenga ya mizere yopingasa, Land Rover itafika pa Series III mu 1971 inasiya ya waya wachitsulo nkuika ya pulasitiki. Tengani tepi muyeze yanu, ndipo wogulitsayo akutumizireni chithunzi tepi ili pa grill, osati kungokuuzani pakamwa kuti ikwana.

Za zatsopano za orijino zimene zinatsalira m'mashelefu osagulidwa sindinena zambiri, mukaipeza ndipo thumba likulola igulani, palibe choposa pamenepo, kungoti zimasowa ndipo mtengo wake umaluma.

Tsopano njira yachitatu, imene ndikanayambira ndikanafunsa kaye: kukonzetsa yanga yomwe ija. Mwamwayi sindinaitaye, inali pakona m'galaja. Ndinaitengera kwa madala ena amene amagwira ntchito ya chrome, anaitembenuza kangapo, kuyendetsa chala mkati mwa mopindikamo, nkundiuza kuti "achimwene, iyi ikadali ndi moyo, musaifulumizire." Anayamba achotsa chrome yakale yonse mpaka chitsulo chatsala chokhachokha, kenako ndinawaonerera akuwongola kona ija, hamala yaing'ono kumbuyo, chitsulo chosalala chotsamiritsa kutsogolo, kugogoda pang'onopang'ono kuyambira m'mbali mwa mopindikamo kulowera pakati, kenako fayilo yosalala kuti aone pamene pakadali potsika. Kakona kamodzi kanawatengera masana onse.

Nakonso ndalama inakwera kuposa imene tinagwirizana poyamba, chimenecho sindibisa. Atachotsa chrome yakale panaonekera timaenje ting'onoting'ono tobisika, ndipo timeneti sungangopakapo chrome pamwamba chifukwa chrome siibisa kanthu, imaonetsa chilema chilichonse. Amafunika kuika mkuwa wochindikala, kupala, kuikanso, kupalanso mpaka posalala. Kusiyana kwake ndi aja a katoni ndi kwakuti madalawa anandiimbira foni asanapitirize, anandionetsa timaenjeto ndi maso anga, ine nkuvomera ndekha. Ndiye mukamapita kokonzetsa funsiranitu kuti mtengo mwandiuzawu ndi wa chrome yokha kapena ndi kuwongola ndi kutseka maenje komwe, chifukwa ntchito yambiri ili pa kusalaza, kumiza m'mankhwala kuja ndi komaliza chabe. Nthawi nayo imapita, yanga inakhala kumeneko masabata asanu.

Madala aja anandiphunzitsanso chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimve bwino. Atawongola, asanaike chrome, anandipatsa chimango kuti ndikachiyese kaye pa galimoto. Ndinapeza kuti kona ija ikufunika kulowa pang'ono, ndinabwerera nacho, anagogodanso. Chrome ikaikidwa simungapindenso, ndi yolimba ndipo imang'ambika, ndiye kuyesa konse kuchitike chitsulo chikadali chosapaka.

Koma si grill iliyonse ingakonzedwe chonchi, zimatengera inapangidwa ndi chiyani. Tengani maginito. Akagwira mwamphamvu nthawi zambiri ndi chitsulo wamba chopakidwa chrome, chimawongoleka ndipo chimawotchereka. Akakana ndipo chitsulocho ndi chopepuka, nthawi zambiri ndi aluminiyamu, imeneyo imawongoleka mosavuta koma ili ndi chikutu cholimba pamwamba chimene chimafunika kuchotsa kaye musanaipukute, apo ayi mungopala pachabe. Ya stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, ndiye yokoma kugwira, palibe chopaka, mukawongola nkusalaza ndi sandipepa kuchoka pa yokhakhala kufika pa yosalala kenako polishi, imabwerera mwakale. Yovuta ndi ija yolemera koma maginito sagwira, yokhala ndi timatuza pansi pa chrome, imeneyo ndi zinki youmbidwa m'chikombole, ija yodzaza pa galimoto za ku America za m'ma 1950. Imasungunuka pa madigiri a Celsius osakwana 400, ndiye wowotcherera wamba akangoiyandikiza moto imagwa ngati phula, ndipo ukati uiwongole yozizira imathyoka. Ngati yanu ndi imeneyi ndipo yadyeka kwambiri, pamenepo ndiye ndingakuuzeni kuti sakani ya pa sikirapu yabwinoko, kapenanso yokopera ngati zavutitsitsa. Ya pulasitiki yong'aluka pang'ono imalumikizika kumbuyo ndi chowotcherera pulasitiki, koma ikapsa ndi dzuwa mpaka kutuwa ndi kufumbutuka musatayepo nthawi.

Pa mtengo wokha yokopera imapambana pa tsiku logula, ya pa sikirapu ili pakati, kukonzetsa ndiye kokwera. Pa kukwana bwino yanu yomweyo ndi ya pa sikirapu zimafanana. Pa kukhalitsa, yanga yokonzedwayo yadutsa madzinja atatu tsopano palibe kadontho.

Pomanga ndinachita chonchi ndipo sizinandivute. Usiku wake ndinathira mafuta omasulira dzimbiri pa masikuluu onse akale. Ndinajambula ndi foni mmene kilipi iliyonse yakhalira ndisanachotse kanthu. Ndinamata tepi ya pepala m'mphepete mwa boneti kuti penti isakandike, nkuyala bulangete lakale pamwamba pa injini ndi rediyeta, chifukwa sikuluu ikagwera m'menemo mutha ola mukuisaka ndipo sipanala ikagwera pa rediyeta imapinda timapepala take tija. Pulasitiki, timizere ndi baji ndinazimangira pa tebulo, chimango chitagona pa thaulo. Pa galimoto ndinalowetsa masikuluu onse ndi zala, osamangitsa ngakhale imodzi, kenako kusuntha chimango mpaka mpata wafanana mbali zonse, ndiye kumanga kuyambira pakati kupita m'mbali, ndi dzanja, osati makina, chifukwa pulasitiki ukaifinya kwambiri imasweka patapita masiku. Pa sikuluu iliyonse ndinapaka kagirizi pang'ono, makamaka pamene zitsulo zosiyana zikukhudzana chifukwa madzi akalowa pamenepo zimadyana. Boneti ndinaitsitsa pang'onopang'ono koyamba, kuyang'ana pakati pa grill ndi malaiti, kenako kuyesa kachogwirira kaja katatu konse, kanatuluka bwinobwino osakodwa. Ndipo chonde musamanyamule boneti pogwira pulasitiki ya grill, gwirani pansi pa chimango.

Ndiye inu atatu amene munandifunsa, yankho ndi lakuti grill mukuionayo sindinaigule yonse kwina kulikonse, chimango ndi chomwe chija chinabwera ndi galimoto mu 1982, pulasitiki ndi timizere ndi za pa sikirapu, nyenyezi ndi yomwe bambo ankaipukuta Loweruka lililonse. Yokopera ija ikadali m'katoni yake m'galaja, mmodzi wa inu anati ndimugulitse motchipa koma ndakana, amene akufuna abwere adzaiike pambali pa yangayi aone yekha dzimbiri lake asanatumize ndalama kulikonse.