15W-40, 5W-40 kapena 5W-30 wa C3: oyilo uti woyenera galimoto yamakono ya dizilo?

Kuchokera pomwe ma Mazda CX-5, ma Prado ndi ma Hilux a dizilo ochokera ku Japan ndi ku UK anachuluka m'misewu yathu, funso limodzi silichoka pafoni yanga. Munthu akangotulutsa galimoto yake pa Songwe, asanafike n'komwe ku Karonga, uthenga wafika kale: "Achimwene, ndithiremo oyilo wanji?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndaganiza zolemba zonse pamodzi.

M'masitolo a zipangizo za galimoto mumapeza magulu atatu. Loyamba ndi 15W-40 wa malole, monga Shell Rimula, Total Rubia ndi Delo, amene zigubu zake zambiri kuno zimalembedwa API CI-4 kapena CH-4 kumbuyo (zilembo zotere zimasonyeza muyezo umene oyiloyo amakwaniritsa). Lachiwiri ndi 5W-40 wa synthetic wolembedwa ACEA A3/B4. Lachitatu ndi 5W-30 kapena 0W-30 wolembedwa ACEA C2, C3 kapena JASO DL-1, monga Total Quartz Ineo, Mobil 1 ESP ndi Shell Helix Ultra ECT. Ndinenetu mbali yanga: ngati galimoto ili ndi DPF (sefa ya utsi), ine ndimathira wa gulu lachitatu basi, ndipo ndili ndi mangawa ndi makaniko aliyense amene amathira woyamba uja osafunsa mwini galimoto.

Choncho musanafunse za oyilo, dziwani kaye ngati DPF ilipo. Imeneyi ndi sefa ya mu ekizozi yogwira mwaye wa dizilo. Ku Ulaya, lamulo la Euro 5 litayamba mu 2009, pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano ya dizilo inayamba kutuluka nayo, ndipo za ku Japan za zaka zimenezo kupita mtsogolo zilinso nayo. Toyota ndi Hino amaitcha DPR, Isuzu amaitcha DPD, koma ntchito ndi imodzi. Dzina la galimoto lisakunamizeni. Hilux yogulidwa yatsopano m'chigawo chathu chino nthawi zambiri ilibe DPF, pamene inzake ya chaka chomwecho yochokera ku UK ili nayo. Kwezani galimoto, yang'anani chitini chachikulu pafupi ndi turbo chokhala ndi timapaipi ting'onoting'ono ndi mawaya. Pa magalimoto ambiri a ku Japan palinso kasitika pansi pa boneti kotchula oyilo wofunika. Ngakhale simuwerenga Chijapani, zilembo za DL-1 muziona.

Tsopano nkhani yeniyeni, phulusa. Injini iliyonse, ngakhale yatsopano, imawotcha oyilo pang'ono. Mu oyilo muli mankhwala otsuka ndi oteteza zitsulo, opangidwa ndi calcium, magnesium ndi zinc, ndipo zimenezi zikapsa zimasiya phulusa. Mwaye umene DPF imagwira si vuto lalikulu, chifukwa pakapita makilomita mazana angapo galimoto imatenthetsa sefayo mpaka pafupifupi madigiri 600, mwayewo n'kupserera. Phulusa ndiye silipsa. Aliyense amene amaphikira pa mbaula akudziwa zimenezi: makala amatha, phulusa limatsala, ndipo mukapanda kukutumula limatseka timabowo moto n'kufooka. Vuto ndi loti DPF simungaikutumule m'mawa uliwonse. Phulusa likalowa limakhala momwemo mpaka wina adzaimasule n'kuitsuka.

Apa ndi pomwe magulu atatu aja amasiyanirana. DL-1 salola phulusa lopitirira 0.6 peresenti. C2 ndi C3 amalekezera pa 0.8. A3/B4 amayambira pa 1.0 mpaka 1.6. CI-4 alibe malire a phulusa, ndipo 15W-40 wambiri wa mtundu umenewu amadutsa 1 peresenti. Taonani bwino pamenepa: 5W-40 wa synthetic uja, wodula, wachigubu chonyezimira, kwa DPF ndi woipa mofanana ndi wa malole. Anthu ambiri amapusitsidwa ndi mawu akuti "fully synthetic" kutsogolo kwa chigubu. Mawu amenewo sanena kanthu za phulusa. Tembenuzani chigubu, werengani tizilembo ta kumbuyo.

Zimenezi ndinazionera pa CX-5 yanga ya injini ya malita 2.2. Ndinkaisiya pa galaja ina mu Lilongwe muno, ndipo nthawi iliyonse pa lisiti pankalembedwa "synthetic diesel oil", mtengo wakenso wa synthetic. Patapita nthawi nyali ya DPF inayamba kuyaka pafupipafupi, galimoto inayamba kumwa dizilo kwambiri, kenaka tsiku lina pokwera ku Dedza inangofooka, osafuna kupitirira liwiro la thirakitala. Nditabwerera ku galajako ndinalowa mpaka mkati, ndipo mnyamata wina ankapopa oyilo kuchokera mu dramu yaikulu yomweyo n'kumathira mu minibasi, mu Canter yakale, ndi mu galimoto ina ya dizilo yamakono imene inali pambali. Pa dramupo panalembedwa 15W-40. Nditafunsa mkulu wa pagalajapo, sanachite n'komwe manyazi. Anati, "Bwana, kuno n'kotentha. Timaoyilo tanu tamadzimadzi ndi ta kwa azungu kozizira. Ifeyo timathira wolimba." Kenaka anandiuza kuti njira yachidule ndi yoboola DPF, kuchotsa zam'kati, n'kusintha pulogalamu ya kompyuta, ndipo anatchula mtengo wa ntchitoyo ngati akundichitira chifundo.

Chimene chinandiwawa si kuwonongeka kokha. Ndinalipira oyilo amene sanathiridwe. Kenaka ndinakalipira kwina kuti amasule DPF n'kuitsuka, ndinalipira woika kompyuta, ndinagulanso oyilo woyenera ndi fyuluta nthawi ya sevisi isanakwane, ndipo masiku amene galimoto inali pa jeke ndinkayendera matakisi. Sindinganene kuti phulusa lonselo linali la dramu ija, chifukwa galimotoyo inabwera itayenda kale ku Japan ndipo DPF iliyonse imadzaza pang'onopang'ono. Koma sefa imene ikanatumikira zaka zina inathamangitsidwa, ndipo ndalama zimene galajayo inapulumutsa pa oyilo wotchipa inazilowetsa m'thumba mwake, bilu yaikulu n'kusiyira ine. Vuto la oyilo wolakwika n'lakuti sadzionetsa tsiku lomwelo. Galimoto imatuluka pa galaja ikulira bwinobwino, ndipo pamene nyali ikudzayaka, palibe amene amakumbukira za oyilo.

Mawu akuti "kuno n'kotentha" ndiwayankhe, chifukwa amakaniko ambiri amawanena ndi mtima wabwino. Nambala ya kutsogolo kwa W (monga 15 mu 15W-40) imanena za kayendedwe ka oyilo injini ikazizira. Nambala yachiwiri imayezedwa pa madigiri 100, kutentha kumene oyilo amagwirirapo ntchito, kaya muli ku Nchalo mu Okutobala kaya pa Chikangawa mu Juni, pakuti thermostat ndi radiator ndi zimene zimasunga kutentha kwa injini. Palinso muyezo wina wotchedwa HTHS, woona kulimba kwa oyilo pa madigiri 150 akamapanikizika pakati pa zitsulo. 15W-40 amayambira pa 3.7. C3 amayambira pa 3.5. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Amene ali wopyapyala ndithu ndi C2, amene amayambira pa 2.9. N'chifukwa chake buku la galimoto likalola onse awiri, ine ndimatenga C3, makamaka kwa amene amanyamula katundu kapena kukwera Chikwawa kupita ku Blantyre pafupipafupi. Mumapeza kulimba kumene makaniko akufuna popanda phulusa lake. Ndipo m'mawa, 5W-30 amafika msanga ku turbo kuposa 15W-40.

15W-40 si oyilo woipa, ndisamunyoze. Mu Land Cruiser ya injini ya 1HZ, mu Hilux ya injini ya 5L, mu Toyota ya injini ya D-4D yopanda DPF, mu Canter yakale, ndi oyilo wabwino kwambiri, ndipo ine ndingamuthire osaganiza kawiri. Amapezeka paliponse, ngakhale ku Jenda kapena ku Balaka, n'ngotchipa, ndipo mankhwala ake ambiri aja amathandiza kuthana ndi asidi wobwera ndi dizilo wa sulufule wochuluka. Pa mtengo ndi kupezeka amapambana onse. 5W-40 wa A3/B4 malo ake ndi mu dizilo ya common rail (injini yamakono imene kompyuta imayendetsa kapopedwe ka mafuta) yopanda DPF, kwa amene akufuna oyilo woyenda msanga m'mawa. Malo ake athera pomwepo.

Ena amandiuza kuti anapeza 15W-40 wolembedwa CJ-4 kapena CK-4, ndipo pachigubu pali mawu a DPF. N'zoona. CJ-4 anabwera mu 2006, CK-4 mu 2016, ndipo onse amalekezera pa phulusa la 1.0 peresenti. Anapangidwira malole akuluakulu okhala ndi masefa akuluakulu. Kwa Canter, Elf kapena Dyna yamakono yochokera ku Japan, imene imafuna JASO DH-2, ndi oyandikira kwambiri. Kwa CX-5, Demio kapena Prado yofuna DL-1, phulusalo likadali lochuluka. Mutathiramo pa ngozi kuti mukafike kunyumba palibe chingaphulike, koma asakhale oyilo wa masiku onse.

A magalimoto a ku Germany, inu musayang'ane C3 yokha. Volkswagen ndi Audi amafuna 507 00, Mercedes-Benz 229.51 kapena 229.52, BMW Longlife-04, ndipo nambalazo zimalembedwa pachigubu. A Ford Ranger ya 2.2 ndi 3.2 nkhani yanu ndi yosiyana: buku limatchula 5W-30 wa WSS-M2C913-D, amene sali m'gulu la C. Tsatirani bukulo, musatsatire ine.

Pamene gulu langa lachitatu limagonja ndi pa kukhalitsa. Popeza mankhwala ake anachepetsedwa, mphamvu yake yolimbana ndi asidi imatha msanga dizilo akakhala wauve. Ku Japan ndi ku Ulaya dizilo ali ndi sulufule wosapitirira 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni). Kuno tinasamukira ku 50 ppm mu 2017, zomwe zinathandiza kwambiri, koma ndi kasanu kuposa uja. Onjezerani fumbi la misewu yathu, ndi dizilo wa m'zigubu amene tonse timakakamizika kugula mafuta akasowa, osadziwa chimene anasakanizamo. Kotero makilomita 20,000 kapena 30,000 amene mumawerenga pa intaneti muwaiwale. Ine ndimasintha pakati pa 5,000 ndi 7,000, pamodzi ndi fyuluta. Ndikudziwa kuti zimawawa, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe chilichonse chochokera kunja chinakwera. Komabe oyilo wa chaka chonse safika pa mtengo wa DPF imodzi kapena turbo.

Pali chifukwa chinanso chosinthira msanga, ndipo a Mazda ndi a Toyota amene amangoyenda m'tauni amvetsere. Pofuna kutentha mwaye, injini zambiri zimapopera dizilo wowonjezera mu silinda, ndipo wina amatsetsereka n'kukasakanikirana ndi oyilo. Mukamangoyenda kuchokera ku Area 25 kupita ku City Centre, kapena kuima pa mzere wa pa Ginnery Corner, n'kuzimitsa injini ntchito yowotchayo ili pakati, galimoto imayambiranso mawa, dizilo n'kumachulukirachulukira mu oyilo. N'chifukwa chake pa dipstick (kachitsulo koyezera oyilo) ya dizilo ya Mazda pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza. Oyilo akamakwera yekha kulowera ku X, musasangalale kuti injini siyidya oyilo. Muli dizilo mmenemo, ndipo oyilo wapyapyala. Nunkhizani, mumva. Palibe C3 kapena DL-1 amene angapirire zimenezi mpaka kalekale. Kamodzikamodzi itulutseni galimotoyo, muyende nayo ku Salima kapena ku Zomba osaima, kuti imalize ntchito yake. Ndipo mukasintha oyilo pa Mazda, kumbutsani makaniko kuti achite reset, apo ayi kompyuta imaganiza kuti wakale uja akadalimo.

Za kuboola DPF, yankho langa ndi ayi, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri achita. Utsi wakuda umene sefayo imagwira ndi umene ana oyenda m'mbali mwa msewu amapuma, ndipo pulogalamu ikasinthidwa ndi munthu wongoyesa, mavuto ena amabadwa. Ngati munagula yoboola kale, phulusa silikukhudzaninso, koma musathamangire 15W-40. Injiniyo inapangidwa ndi timipata tating'ono ndi pampu yoyembekezera oyilo amene nambala yake yachiwiri ndi 30, ndiye khalani pa 5W-30 wabwino.

Chomaliza ndi oyilo wachinyengo, amene amakonda kubisala m'zigubu za gulu lodula lomweli. Anthu amatola zigubu zopanda kanthu n'kudzazamo oyilo wina. Gulani pa malo omwetsera mafuta odziwika kapena kwa ogulitsa ovomerezeka, onani ngati chotsekera sichinatsegulidwepo, ndipo 5W-30 wa C3 akakhala pa mtengo wofanana ndi 15W-40, musiyeni pomwepo. Masiku ano ndimagula ndekha oyilo ndi fyuluta, ndimapita nazo ku galaja, ndimaima pomwepo mpaka athire, ndipo chigubu chikatha ndimachiboola ndisanachitaye. Makaniko amene ndili naye panopa sakhumudwa nazo. Iye ndi amene amayamba kutembenuza chigubu n'kuwerenga kumbuyo asanatsegule.