TP-Link EAP225-Outdoor: Wi-Fi ya panja imene imafika patali ikapachikidwa bwino

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito access point (chipangizo choulutsa Wi-Fi) ya panja yotchedwa TP-Link EAP225-Outdoor, yomwe ndinaipachika pamlongoti kuti intaneti ifike pabwalo lonse ndiponso kukanyumba ka kuseri, kumene rauta ya m'nyumba sinkafikako.

Chimene chinandikopa poyamba ndi njira yake yolandirira magetsi, yotchedwa PoE. Kebulo imodzi yokha ndiyo imanyamula intaneti ndi magetsi omwe, motero palibe chifukwa chokokera waya wina wa magetsi kukwera naye pamlongoti, bola kebuloyo isapitirire mamita 100, omwe ndi malire a kebulo ya Ethernet. Chikuto chake chili pa mulingo wa IP65, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo mvula ikachiwomba sichiwonongeka, ngakhale kuti sichinapangidwe kuti chimizidwe m'madzi. Pomanga, ndinasiya kebulo italendewera pang'ono m'munsi isanalowe m'khoma, ndipo mvula ikagwa ndimaona madontho akugwera pansi pamalo opindikawo m'malo motsetsereka kulowa m'bowo.

Chipangizochi chimaulutsa pa mitundu iwiri ya mafunde, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Pabokosi palembedwa 300 Mbps ndi 867 Mbps, koma manambala amenewa ndi liwiro la pakati pa chipangizocho ndi foni zinthu zonse zikakhala bwino, osati liwiro la intaneti yomwe munthu amalipira. Ya 5 GHz ndi yothamanga ndithu ukakhala poonekera, koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma kapena mtengo wa masamba ambiri, makamaka masambawo akanyowa, pamene ya 2.4 GHz ndiyo imalimbikira mpaka kumapeto kwa bwalo.

Phunziro lalikulu ndinalipeza nditaima kumpanda ndi foni m'manja. Timizere ta Wi-Fi tinkaoneka todzaza, komabe tsamba silinkatseguka. Chifukwa chake n'chakuti kulumikizana kumafuna mbali zonse ziwiri: access point ili ndi mphamvu yofuulira patali, pamene foni, yomwe ili ndi eriyo yaing'ono kwambiri, imayankha monong'ona, ndipo yankho lakelo silifika. Kuwonjezera mphamvu youlutsira sikunathandize. Chimene chinathetsa vutoli ndi kukweza mlongoti kuti maeriyo ake awiri apitirire denga la malata, lomwe linkatchinga mafundewo, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni imalumikizana bwinobwino pamalo omwewo.

Pulogalamu ya Omada, yoyendetsera chipangizochi, inandithandiza kutsegula netiweki ya alendo yosiyana ndi yathu, zomwe ndikuona kuti n'zofunika kwambiri pasukulu, pamalo ogona alendo kapena pafamu pomwe anthu ambiri amalowa ndi kutuluka.

Wofuna kutumiza intaneti kunyumba ina yomwe ili pa mtunda wa makilomita asayembekezere zimenezo kwa chipangizochi, pakuti maeriyo ake amamwaza mafunde mbali zonse. Ntchito imeneyo ndi ya zipangizo zolunjika mbali imodzi monga CPE510, zomwe zimaikidwa ziwiri moyang'anizana popanda chotchinga pakati. Koma kwa amene akufuna kuti bwalo lalikulu likhale ndi Wi-Fi yodalirika, ndikuchivomereza ndi mtima wonse, bola agule kebulo yoyenera panja yokhala ndi chotetezera, ndipo ailumikize kunthaka chifukwa cha mphenzi.