Nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za adokotala okha

Ndadikira miyezi isanu ndi iwiri kuti ndilembe ndemanga iyi ya chipatala cha khungu chimene ndinapserako nkhope, chifukwa ndikanalemba sabata imene zinachitikayo, mawu amene anali pakamwa panga sakanaloledwa pano. Ndaika nyenyezi zitatu, koma mayi wa pa kauntala yawo asaganize kuti pali yake ngakhale theka.

Vuto langa ndi madontho akuda m'masaya ndi pamwamba pa mlomo, amene anabwera ndili woyembekezera mwana wachiwiri n'kukana kuchoka. Chipatala chimenechi ndinachisankha chifukwa chinathandiza amuna anga pa tiziphuphu ta ndevu tija totuluka munthu akameta, tsitsi likamapindikira m'khungu. Anawaotcha mizu ya tsitsi ndi laser, makina ogwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu, osati leza yometera, ndipo m'khosi monse munasalala. Mitengo ya pamalopa mukuidziwa kale, ya kungoonana ndi dokotala yokha imatulutsa munthu thukuta, ndiye ndinapita nditakonzeka.

Ulendo woyamba palibe chodandaula. Adokotala ake ndi mayi ofatsa, osapupuluma. Anandiuza kuti ndisukusule kaye zonse zimene ndinapaka zichoke, anathimitsa magetsi n'kundiunika ndi kanyali kowala mwabuluu kamene amati nyali ya Wood, kenako anati iyi ndi melasma. Atandifunsa zimene ndimadzola ndinanama, ndinati mafuta wamba. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Mayi, pakamwa panu pakunena zina, khungu lanu likunenanso zina." Ndinapisa m'chikwama mwamanyazi n'kutulutsa kachubu. Anandiwerengera timalemba tating'ono tija: clobetasol, steroid wamphamvu kwambiri amene amalembera odwala matenda a pakhungu kwa masabata ochepa chabe. Ine ndinali nditapaka zaka ziwiri chifukwa ankandiwalitsa. N'chifukwa chake masaya anali atapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera.

Anandionetsanso tchati cha dokotala wina wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, amene mu 1975 anayamba kugawa makungu a anthu malinga ndi mmene amachitira ndi dzuwa. Lero magulu ake ndi asanu ndi limodzi, ine ndili m'gulu lachisanu. "Kuwala kwa makina ngati laser kumasaka chakuda," anatero. "Pa munthu woyera chakuda ndi dontho lokhalo, ndiye kumamenya pomwepo. Inu chakuda chili nkhope yonse. Kuwonjezera apo melasma imanyanya ndi kutentha." Mawu awo otsiriza ndimawakumbukira ngati dzulo: makina ayi, tiyambe ndi zodzola. Anandilembera azelaic acid wa 20 peresenti ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50, n'kundiuza mmene ndisiyire kachubu kaja pang'onopang'ono, ndibwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi.

Tsiku limenelo litakwana ndinapeza adokotala kulibe, akuti apita kumsonkhano. Wondiimbira kundiuza panalibe. Ndikuti ndibwerere, mayi wa pa kauntalayo anandigwira dzanja ngati m'bale wake. "Madamu, musangowononga ulendo. Tili ndi pulomoshoni ya IPL mwezi uno, madontho ngati anuwa amangothothoka." Ndinamuuza kuti adokotala anakana makina. Anayankha mosagwedera kuti anakana laser, IPL si laser ndi kuwala chabe, ndipo adokotala anasiya mawu kuti odwala onse a madontho atha kuyamba. Bodza la mayiyu linali lanzeru chifukwa theka lake linali loona. IPL si laser zoona. Ndi kuwala kwamitundumitundu kotuluka nthawi imodzi, ndipo pa khungu lakuda n'koopsa kuposa laser yosankhidwa bwino, koma zimenezo ndinadzazidziwa nditapsa kale. Anandionetsa zithunzi za pa foni, uku munthu wamadontho uku wayera bwino, onse azungu. Sindinafunse chifukwa chake onse anali azungu. Masabata asanu ndi limodzi a mafuta aja anali asanasinthe kanthu kooneka, ndipo kunali ukwati wa mchemwali wanga kutsogolo. Ndinalipira pakeji yonse ya maulendo asanu ndi limodzi, ija yomwe mukuiona pa zikwangwani zawo.

Wogwira makina anali mtsikana wamng'ono, waulemu ndithu, sindingamunamizire. Koma fayilo yanga sanaitsegule. Sanandifunse zimene ndinkadzola, sanandifunse ngati ndimamwa mankhwala ena aliwonse. Sanayese kaye pa kamalo kobisika, mwina kuseri kwa khutu kapena kunsi kwa chibwano, n'kudikira masiku aone mmene khungu lichitire, zimene ndamva kuti ndi mmene zimayenera kukhalira pa khungu ngati langa. Anandiveka magalasi akuda, anandipaka mafuta oterera ozizira, basi n'kuyamba.

Kuwombera koyamba kunali ngati wina wandikwapula ndi mpira wa legeni patsaya. Kwachiwiri ndinadzidzimuka mpaka mwendo kunyamuka. Pofika kachisanu ndinamva fungo la tsitsi lowauka. Ndinati, "Achemwali, zikuotchatu izi." Iye anati, "Pirirani anti, zikamapweteka ndiye kuti zikugwira ntchito." Ndinapirira. Tsaya lamanja lonse, lamanzere lonse, pamwamba pa mlomo pamene misozi inatuluka yokha. Ndinanenanso kachiwiri kuti moto wake wanyanya, anangowonjezera mafuta ozizira aja osakhudza makina. Ndikuganiza kuti manambala amene anali pamakinapo anali a munthu amene anagona pabedipo ine ndisanalowe. Atamaliza anandipatsa kalilole, nkhope ili psuu, yotupa, iye n'kumati mawa mudzuka mukusangalala.

Usiku umenewo sindinagone, nkhope inkachita ngati ndayandikira mbaula. M'mawa ndinapeza matuza m'masaya onse awiri, ndipo pomwe panalibe matuza panali zidindo za makona anayi zondandalikana ngati njerwa pakhoma, chilichonse kukula kwake ngati kamutu ka makina kaja. Mwana wanga wamng'ono atandiona analira. Ndinaimba foni. Mayi wa pa kauntala uja anati zimatero, ikani madzi oundana. Tsiku lachiwiri ndinatumiza zithunzi, anaziona osayankha. Tsiku lachitatu anayankha kuti mwina ndinayenda padzuwa. Ine amene ndinali ndisanatuluke m'nyumba chibwerereni! Ndinapempha nambala ya adokotala, anati saloledwa kupereka. Ndinapempha kuti awauze, anati awauza. Sanawauze.

Tsiku lachisanu matuza ataphulika n'kuyamba nkhanambo ndinadzifunditsa mpango kumaso n'kupita ndekha. Pamabenchi panali anthu odikira anayi kapena asanu. Mayiyu atandiona anatsitsa mawu kuti, "Madamu, tiyeni tikambirane mkati." Ndinati ayi, pakeji munandigulitsira pompano, tikambirana pompano. Ndinachotsa mpango. Mtsikana wina amene ankalemba fomu anaika cholembera pansi. Mayiyu anatulutsa pepala limene ndinasaina n'kuloza mzere wonena kuti khungu likhoza kufiira. Ndinamufunsa ngati zimene akuonazi ndiko kufiira. Anati ndalama za pakeji sizibwezedwa, koma atha kundisinthira maulendo asanu otsalawo akhale a Botox kapena filler. Tangoganizani, munthu nkhope ili zilonda, wina akukutsatsa jakisoni wa makwinya. Apa ndiye mawu anakwera, ndipo sindipepesa.

Phokosolo ndi limene linatulutsa adokotala m'chipinda mwawo, ndipo apa ndi pamene ndemanga yanga ikhotere kwina, ngakhale sindimafuna. Atandiona anaima kaye osayankhula. Kenako anapepesa kwa wodwala amene anali naye, n'kundilowetsa. Anatsegula fayilo yanga n'kunditembenuzira kuti ndiwerenge ndekha: pamwamba penipeni, ndi dzanja lawo, analemba kuti ndisaikidwe pa IPL kapena laser, n'kudula mzere kunsi. Anaitana awiri aja ndipo sanawakalipire pamaso panga, anangowafunsa mmodzimmodzi kuti anawerenga fayiloyi ndani. Panalibe woyankha. Atatuluka anandiuza kuti, "Mayi, cholakwa ndi chathu. Makina ndi anga, antchito ndi anga. Pepani." Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira monse, koma munthu akavomera chonchi umasowa pomugwira. Ndinangoyamba kulira.

Sanandinamize. Anati zilonda zipola m'masabata awiri kapena atatu, koma pamalo pake patsala zipsera zakuda kuposa madontho amene ndinabwera nawo, chifukwa khungu lakuda likapwetekedwa limayankha potulutsa melanin wambiri, chinthu chimene chimadetsa khungu, ndipo zimenezo zimatenga miyezi kuti zizirale. Ukwati uja anati ndiiwale zoti ndikakhala nditachira. Ndinapitadi nditadzimata zodzola, zithunzi zake sindiziyang'ana. Anandisambitsa zilonda okha, anandiuza kuti ndizipaka Vaseline zisaume, ndisatong'ole nkhanambo ngakhale ziyabwe bwanji, ndipo anandiona katatu m'masabata awiri osandilipiritsa.

Khungu litatsekeka anandiyambitsa mafuta osakaniza mankhwala atatu, hydroquinone wa 4 peresenti, tretinoin ndi steroid wofooka, usiku okhaokha kwa masabata asanu ndi atatu. Ndinadabwa kuti steroid yemweyo anandiletsa uja akubweranso. Anati kusiyana kwake ndi mphamvu ndi nthawi, ndipo chubu chachiwiri sangandipatse popanda kundiona, chifukwa hydroquinone ukamupaka kwa zaka amasiya khungu lakuda mobiriwira, matenda otchedwa ochronosis, ovuta kwambiri kuchiza. Asanalembe anandifunsa kawiri ngati ndili ndi pakati kapena ndikufuna kutenga, poti tretinoin sagwirizana ndi mimba. Ndinawafunsa za mapiritsi a tranexamic acid amene anthu amawatama pa intaneti. Anandifunsa njira yolerera imene ndimagwiritsa ntchito, nditatchula mapiritsi anapukusa mutu: awiriwa pamodzi amawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Anandiuzanso chimene palibe anandiuzapo zaka zonsezi, kuti mapiritsi olerera okhala ndi homoni yotchedwa estrogen nawo amadetsa melasma. Ndinakakambirana ndi a zakulera n'kusintha njira.

Chimene ndinkachinyoza kwambiri ndicho chathandiza kwambiri: mafuta oteteza ku dzuwa. Ine ndinkati amenewo ndi a azungu. Anandisinthira n'kundipatsa okhala ndi mtundu wa khungu, amene muli iron oxide, chifukwa akuti melasma imada ngakhale ndi kuwala wamba kumene timaona ndi maso, kumene mafuta oyera aja satchinga mokwanira. Kupaka m'mawa uliwonse, kubwereza pakatha maola awiri ndikakhala panja, chipewa chachikulu kumutu. Zimatopetsa, ndipo kachubu kake sikachedwa kutha.

Lero njerwa zija zatsala ziwiri ku tsaya lamanzere, zooneka ukayandikira. Madontho akale azirala kuposa mmene analili ndisanapite, ngakhale adokotala amandikumbutsa kuti melasma sichoka kotheratu, imangogona, ndipo ukaiwala chipewa sabata imodzi imadzuka. Mwezi watha anandipanga peel yopepuka ya salicylic acid, mankhwala ofundula khungu la pamwamba, anapaka okha, maso ali pa wotchi, atayesa kaye kunsi kwa chibwano sabata imodzi m'mbuyo. Khungu linangofunduka pang'ono masiku atatu. Anandichotsanso timanjerewere takuda tiwiri ta pansi pa diso ndi kasingano ka magetsi, sipanatsale chipsera. Ndawafunsa chifukwa chake amuna anga sanapse pamalo omwewa, akuti iwo anawaika pa laser yotchedwa Nd:YAG ya 1064 nm, imene kuwala kwake kumalowa pansi osagwidwa kwambiri ndi melanin wa pamwamba, ndipo anagwira makinawo ndi adokotala eni ake. Zida zoyenera khungu lathu anali nazo m'nyumba momwemo, chipinda chachiwiri kuchokera pamene ndinapsera.

Ndalama za maulendo asanu aja zinabwera patatha miyezi iwiri, nditapita kanayi ndi lisiti, ndipo mayi uja ulendo uliwonse ankati wosaina macheke watuluka. Za ulendo umene unandiotchawo sanabweze, ndinatopa n'kuzisiya. Mtsikana wa makina uja ndinakumana naye pakhonde, anandipepesa misozi ili m'maso n'kundiuza kuti tsopano sagwira munthu adokotala asanalembe manambala a makina papepala. Ameneyo ndinamukhululukira.

Mayi wa pa kauntala akadali pompo. Sanapepesepo. Ndikafika amayang'ana pa kompyuta ngati sakundidziwa, koma sabata yatha foni yanga inalira, uthenga wochokera pa nambala yawo: "Madamu, pulomoshoni ya Botox yayamba, makwinya a pachipumi amasowa kwa miyezi itatu kapena inayi." Ndinaujambula uthengawo, ndikawaonetsa adokotala ndikapita pa 14.