Zitseko zatsopano pa makabati akale: ntchito yatuluka bwino, koma mwini shopu sindidzamuitananso

Nyenyezi zitatu. Zitatuzo ndikupereka chifukwa cha mmisiri wachikulire amene anabwera kudzamanga. Zikanakhala za mwini shopu yekha, sindikanapereka ngakhale imodzi. Ndi shopu ina ya ku Kalingalinga, mwa zija zandandalika m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, yomwe imalengeza pa Facebook kuti imasintha nkhope ya khitchini popanda kugwetsa makabati. Dzina sinditchula.

Khitchini yathu ndi ya nyumba za ku Chilenje South zija, yopapatiza, ya zitseko 14 ndi madirowa 4. Zitseko zinali zitafufuma m'mphepete, zina zikulendewera pa hinji imodzi, koma granite ya pamwamba inali yabwinobwino. Kugwetsa zonse n'kumanga zatsopano anatitchaja K48,000, n'kutichenjezanso kuti granite imakonda kusweka pa bowo la sinki poichotsa, ndiponso matailosi a pakhoma sangapulumuke onse. Kusintha zitseko zokha, nkhope za madirowa, mahinji, zogwirira, mabodi ophimba m'mbali ndi kabodi ka pansi kaja anati K14,500. Mmene ndalama ikuvutiramu, sitinachedwe kusankha. Dipoziti ya K10,000 ndinatumiza pa foni tsiku lomwelo.

Tsiku loyeza anabwera mwini shopu yekha, atanyamula tepi ndi kabuku. Ndinamufunsa mwachindunji ngati mabokosi a mkati akadali olimba, chifukwa ntchito yonseyi yatsamira pamenepo: chitseko chatsopano chimamangidwa pa bokosi lakale. Anatsegula apa, natsegula apo, n'kunena kuti, "Amayi, zonse zili bwino, musadandaule." Kenako anamasula zitseko zonse n'kuzikweza m'galimoto, ati akayezerepo zatsopano, sabata imodzi abweranso.

Sabata ija inasanduka mwezi ndi kanthu. Inali nyengo ya mphepo ya mu Ogasiti, ndipo amene amakhala mu Lusaka akudziwa fumbi lake. Mbale iliyonse tinkayamba taitsuka tisanadyerepo. Ufa, shuga, mapoto opsa kunsi, zonse pambalambanda, ndipo ndi masiku omwewo pamene apongozi anga anafika kuchokera ku Katete. Sananene kanthu, koma ndinawaona akuphimba mashelefu ndi chitenje chawo. Zinandipweteka mumtima. Ndikaimba foni, yankho linali limodzi: malaiti. N'zoona kuti makina odulira mabodi ndi omatira edging, kalamba kaja kophimba m'mphepete mwa bodi, sayenda popanda magetsi, zimenezo sindikutsutsa. Koma masabata omwewo ankaika pa Facebook zithunzi za makhitchini a ku Ibex Hill amene wamaliza. Magetsi a makasitomala a ndalama zambiri analipo, a ine ndiye panalibe.

Tsopano nkhani yeniyeni. Tsiku lomanga mwini shopu sanabwere. Anatumiza amdala ena a imvi ndi kamnyamata kowathandiza. Makabati a m'mwamba anayenda bwino. Atafika pa kabati ya pansi pa sinki ndinamva diliru yasiya kulira, kenako mawu: "Amayi, tabwerani kuno muone kaye tisanapitirire."

Ndinawapeza atagwada, mutu uli mkati mwa kabati. Anatenga sikuludiraiva n'kuikankha pa bodi ya m'mbali, pamene pamayenera kumangidwa hinji. Sanagwiritse mphamvu n'komwe. Inalowa ngati mu buledi wonyowa, ndipo poizula panatuluka utuchi wakuda wonunkha nkhungu. Kunja bodiyo inkaoneka yoyera bwino, chifukwa melamine ya pamwamba inali isanang'ambike. Anandifotokozera modekha kuti chipboard ndi tizidutswa ta matabwa topanikizidwa ndi guluu, ikamwa madzi imafufuma, ndipo ngakhale itauma sibwereranso mwakale, sikuluu imangozungulira osagwira. Kenako anandiunikira ndi tochi ya pa foni pa joini ya paipi yotulutsa madzi. Panali zoyera zouma zija zimene madzi a laimu a kuno amasiya, ndipo kunsi kwake kunali dontho likulendewera. Linkagwa, n'kubwera lina. Anati limeneli lakhala likudontha kwa zaka.

Anaimbira abwana awo, foni ili pa sipika chifukwa manja anali ndi utuchi. Mawu amene ndinamva sindidzawaiwala. "Madala, musandichedwetsere ntchito. Ikani timitengo ta machesi ndi guluu m'mabowomo, mumange masikuluu aatali, mutseke. Mayiwo analipira zitseko, sanalipire bokosi." Thupi lonse linanditentha. Ndinati, "Abwana, mayiwo ndine, ndipo ndikumva zonse." Anangoti zii, kenako n'kuyamba kunena kuti sindinamumvetse, ankangoseka ndi mmisiri wake. Munthu yemweyo amene anatsegula kabati imeneyi ndi manja ake n'kundiuza kuti ndisadandaule! Kaya sanayang'ane, kaya anaona n'kubisa kuti dipoziti isamuphonye, zonse ziwiri n'zoipa. Atazindikira kuti zaululika anatembenuka n'kunena kuti bokosi latsopano ndi K3,800, ndilipiretu, apo ayi anyamata ake anyamuke.

Amdala aja ndi amene anandibweza mtima. Foni itaduka anandiuza kuti iwo sangamange chitseko pa bodi yowola, chifukwa mvula isanathe chidzagwera mwana paphazi, ndipo anthu akadzafunsa amene anamanga adzatchula iwo, osati abwana. Anawerengera pamaso panga: shiti yathunthu ya bodi ndi mamilimita 2750 m'litali ndi 1830 m'lifupi, bokosi la sinki silimaliza shiti imodzi, choncho mtengo umene watchulidwawo ndi wongokwiya nawo. Anabwerera ku shopu n'kukakambirana okha. Zimene anauzana sindikudziwa, koma madzulo ake unabwera uthenga woti K2,000. Ndinalipira, ngakhale mpaka lero ndimaona kuti theka lake anayenera kulipira iye amene anayeza mwachinyengo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kosangalatsa kuonerera. Anachirikiza granite ndi mitengo iwiri kuti isatsike ngakhale pang'ono, n'kusolola mabodi owolawo limodzilimodzi. M'malo mwake anaika bodi ija yobiriwira mkati, yopirira chinyezi, n'kukweza bokosilo pa timiyendo ta pulasitiki kuti madzi okolopera asamalikhudze. M'mphepete monse modulidwa anapakamo silicone. Anakana kutseka mpaka pulamba atabwera kudzasintha paipi yodonthayo, ndipo anaika pepala louma pansi pake n'kudikira kuti aone ngati linyowe. Mabokosi akale sakhala owongoka ndendende, ena anapendekeka ndi zaka, ndiye chitseko chilichonse ankachisintha pa timasikuluu ta pa hinji, kukweza, kutsitsa, kukankhira mkati, atapanira kachidutswa ka katoni pakati pa zitseko ziwiri kuti mpata ukhale wofanana paliponse. Kamnyamata kaja kakafuna kuthamangira kunyamula zida, iwo ankangoti, "Iwe, tseka uone." Nsima inawadikira mpaka inazizira.

Ndiye chilungamo chake, khitchini ikuoneka yatsopano. Alendo amaganiza kuti tinagwetsa zonse. Mahinji ndi aja otseka okha pang'onopang'ono, ana samenyetsanso zitseko, ndipo nyengo ya mvula yonse yadutsa popanda chitseko chofufuma. Madzi, sinki ndi chitofu sizinasunthidwe, moti tinkaphika masiku onse a ntchito, chinthu chimene sichikanatheka tikanagwetsa. Pa ndalama imene tinawononga, kuphatikiza bokosi ndi pulamba, sitinafike ngakhale theka la K48,000 ija. Pamenepo mtima wanga unatsika, ndipo njira yosintha zitseko yokhayi ndikhoza kuuza aliyense kuti ndi yabwino.

Koma musayembekezere zimene singapereke. Malo osungira ndi omwe aja, ngodya yovuta kufikamo ikadali yovuta, ndipo mukatsegula chitseko mashelefu a mkati ndi akale omwewo, achikasu. Ine ndinasankha zoyera zonyezimira, zomwe zimaonetsa chala chilichonse cha mafuta, moti nsalu sichoka m'manja. Amene muli ndi ana aang'ono tengani zosanyezimira. Ngati mabokosi anu ambiri ndi chipboard yofufuma kapena munalowa chiswe, musataye ndalama, zitseko sizingapulumutse zimenezo. Tengani sikuludiraiva nokha musanaitane munthu, mukankhe pansi pa sinki ndi m'munsi mwa mabokosi momwe mumafika madzi okolopera. Mlamu wanga ku Matero ali ndi makabati akale a mukwa, amenewo ndiye oyenera ntchito yotereyi, chifukwa thabwa lenileni limagwira sikuluu ngakhale patapita zaka zambiri. Ndipo musalole kuti atenge zitseko zakale zatsopano zisanafike. Tepi ilipo, ayeze pompo.

Chimene chatsala ndi edging. Pa koteshoni analemba ya mamilimita 2, koma pa zitseko zina anaika yopyapyala ija yonga pepala, ndipo pa chitseko choyandikana ndi uvuni inayamba kumatuka ndi kutentha. Ndinatumiza chithunzi kwa mwini shopu. Uthengawo anauwerenga, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, koma sanayankhe, pamene K4,500 yotsala amaikumbutsa sabata iliyonse. Amdala aja anadzera Lamlungu lina akuchokera kutchalitchi, anamata pomatukapo n'kuikapo kachitsulo kotchinga kutentha, ndipo ndinawalipira kuchokera m'thumba langa. K4,500 ija ndaigwira dala. Ndidzapereka tsiku limene mwini shopu adzabwere yekha kudzasintha edging pa zitseko zimene anandinamiza.