Ndalipiranso chaka chachiwiri, ngakhale mabokosi ena ali opanda kanthu

Nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Nkhokwe ya pa intaneti ya mibadwo ya maluwa a rozi imeneyi ndaigwiritsa ntchito miyezi 14, ndipo umembala wolipira ndauwonjezera chaka china. Ine si katswiri ayi, ndimangodzala rozi kuseri kwa nyumba. Chinandifikitsa kuno ndi thukuta lomwe linapita pachabe.

Zaka zinayi zapitazo ndinayesa kukwatitsa rozi mwachimbulimbuli. Ndinatenga mungu wa Rosa rugosa, ija ya masamba okhakhala yosagwidwa matenda wamba, n'kuupaka pa rozi yanga yofiira ya mtundu wa hybrid tea, zija za maluwa aakuluakulu. Maluwa 30 ndithu. Ndinkalawirira m'mamawa kukathothola duwa lisanamasule, kuchotsa timitu ta mungu kuti lisadzibereketse lokha, mawa lake kupaka ndi kaburashi, kenako kumangirira kachikwangwani. Zipatso zinagwira zisanu zokha. Njere zinagona m'firiji milungu 10, zinamera zitatu, mbande imodzi n'kufa. Ziwiri zotsalazo zinachita maluwa patapita zaka ziwiri, koma mpaka lero sizinagwirepo chipatso ngakhale chimodzi.

Usiku woyamba nditalowa m'nkhokwemu, yankho ndinalipeza m'kabokosi kakang'ono ka chiwerengero cha ma chromosome, tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa chomera tonyamula chibadwa. Rozi zimawerengera m'magulu a 7. Rugosa ili ndi 14, ma hybrid tea ambiri ali ndi 28, choncho mwana wawo amatuluka ndi 21. Nanga 21 mungaigawe bwanji pawiri? Ikafika nthawi yopanga mungu ndi mazira zinthu zimasokonekera, ndipo rozi zotere zambiri zimabereka movutikira. Ndinakhala duu kuyang'ana kabokosiko, kenako n'kuseka ndekha.

Chomwe mumalipirira kwenikweni ndi mtengo wa mibadwo. Dzina la mayi, amene anasunga njere, limalembedwa koyamba, la bambo wopereka mungu pambuyo. Mukadina dzina la kholo mumalowa kwa agogo, mpaka kumtunda. Tsiku lina ndinalondola rozi yanga yachikasu, yomwe imayoyola masamba chinyezi chikangochuluka, ndipo njira inakandisiya pa 'Soleil d'Or' ya Joseph Pernet-Ducher wa ku Lyon, yotuluka mu 1900. Bambo wake anali Rosa foetida 'Persiana'. Chikasu chowala cha rozi zamakono chinalowera khomo limenelo, ndipo olima rozi ambiri amati kufooka ku matenda a madontho akuda kunalowera komweko. Zachibadwa, si kuti ndimathirira molakwika. Mtima unakhala pansi.

Koma kwa munthu wofuna kukwatitsa, kuyang'ana kumunsi n'kothandiza kuposa kumtunda. Nkhokweyi imaonetsa ana onse olembedwa a rozi iliyonse, ndiponso ngati inali mayi kapena bambo. Rozi ikakhala ndi ana ambiri ngati mayi, dziwani kuti imagwira zipatso ndipo njere zake zimamera. Ina mudzaipeza yokongola kwabasi, koma ana ake onse inabereka ngati bambo. Imeneyo musavutike kuipaka mungu, ingotengani wake. 'Peace' ya Francis Meilland, yomwe inayamba kugulitsidwa ku America mu 1945, ili ndi mndandanda wa ana woti chala chimatopa kutsitsa. Masiku ano sindigwira kaburashi ndisanaone mndandanda umenewu.

M'menemo ndi momwe ndinamvetsanso chifukwa chake ana a rozi zambiri zakuthengo amachita maluwa kamodzi kokha pachaka. Khalidwe lochita maluwa mobwereza limabisala mu m'badwo woyamba likakumana ndi kholo lochita kamodzi. Ngakhale David Austin, katswiri wokwatitsa rozi wa ku England, zinamuchitikira: 'Constance Spry' ya mu 1961, mwana wa 'Belle Isis' ndi 'Dainty Maid', imachita kamodzi basi. Kuti kubwereza kubwerere, mpaka mukwatitsenso.

Mbande zanga ziwiri zija ndinatsala pang'ono kuzizula. Zinapulumukira pa mbiri ya 'Max Graf', mwana wa Rosa rugosa ndi Rosa wichurana, yemwenso ankadziwika kuti sabereka. Wilhelm Kordes wa ku Germany anaisunga zaka zambiri, inadzamupatsa tinjere towerengeka, ndipo mbande imodzi inatuluka ndi ma chromosome 28, owirikiza kawiri a mayi wake. Ndiyo Rosa kordesii, kholo la 'Dortmund' ya mu 1955 ndi rozi zina zoyanga zolimba. Sindikudziyerekeza ndi Kordes, koma malo omwe ziwirizo zakhala si aakulu, zikhale.

Tsono nyenyezi yachisanu yapita kuti?

Kabokosi ka ma chromosome komwe kanandithandiza kaja kali kopanda kanthu pa rozi zambiri, makamaka zatsopano zomwe munthu ungazipeze mosavuta. Pomwe palembedwa chiwerengero, kawirikawiri sanena ngati wina anachita kuwerenga kapena angoganizira poona makolo. Kusiyana kwake n'kwakukulu kwa munthu amene akukaika chaka chathunthu pa chiwerengerocho. Makolo a rozi zina amangolembedwa kuti "seedling × seedling", kutanthauza mbande zopanda dzina. Apo sindiwaimba mlandu eni nkhokwe, makampani amabisa dala. Koma zithunzi, abale! Zimatumizidwa ndi ife ogwiritsa ntchito, ndipo ndaonapo rozi yoyera pansi pa dzina la rozi yofiira. Ndinalemba kuwadziwitsa, anayankha mwaulemu, kukonza kunatenga miyezi iwiri. Pa foni mtengo wa mibadwo sukwana, umachita kukokera uku ndi uku mpaka kuiwala komwe unayambira. Ndimadikira kukhala pa kompyuta.

Musayembekezerenso kuti muphunziramo ntchito ya manja. Nthawi yothothola duwa, kuumitsa mungu, kudikira miyezi itatu kapena inayi kuti chipatso chipse, kutsuka njere: zonsezi zangotchulidwa mwapatalipatali.

Ndipo kwa amene mukubwera ndi maloto okwatitsa rozi ndi duwa la banja lina, ndalama yanu isungeni. Zonse zili muno ndi rozi ndi rozi inzake. Kutali kwambiri komwe mungafike ndi Rosa persica, kachitsamba ka m'madera ouma a ku Iran ndi pakati pa Asia, komwe ena ankakaika m'gulu lakelake lotchedwa Hulthemia. Jack Harkness wa ku England anavutika nako zaka zambiri asanatulutse 'Tigris' mu 1985, ya chikasu ndi diso lofiira pakati. Gawo limeneli analilemba bwino, ndinaliwerenga kawiri.

Chaka chino ndapaka maluwa 12 okha, makolo onse a ma chromosome 28, amayi osankhidwa poona mndandanda wa ana. Zipatso zinagwira 9. Mbande 41 zili m'machubu, ndipo zoyamba zinatulutsa kaduwa zisanakwanitse miyezi iwiri chimerereni, zili zazifupi ngati chala. Zambiri n'zapinki wamba, zina zayamba kale kuchita nkhungu yoyera pamasamba ndipo ndizitaya. Mbande nambala 17 ndiyo ndikuisuzumira m'mawa uliwonse.